Chiongolero cha Seva: Malamulo Atatu a Okonza

Lero tikamba za ntchito imene simuiona ndi maso, koma mumaidalira nthaŵi zonse mukamatumiza ndalama pa lamya ya m'manja.

Uthenga wanu umayamba wafika pa kompyuta yaikulu yotchedwa seva, m'mene muli pulogalamu yoŵerengera ndalamazo. Popeza ofuna thandizo ndi ochuluka, pulogalamu imodzimodziyo imayendetsedwa pa seva zingapo nthaŵi imodzi, kuti ina ikafa zinzake zipitirize ntchito. Tsono woyang'anira sangathe kuyendera seva iliyonse payokhapayokha. Amakhala ndi chida chimodzi chozilamulira, chimene ife tichitcha chiongolero. Mwachitsanzo, seva ya Apache Tomcat ili ndi chiongolero chotchedwa Manager, chimene chimaonetsa mapulogalamu onse, ndipo woyang'anira angathe kuwayambitsa, kuwaimitsa kapena kuwachotsa. Nanga chida chotere chikonzedwe motani? Tiyeni tione malamulo atatu.

Loyamba nlakuti chiongolero chizinena zoona za seva iliyonse, makamaka ngati ina yasiyana ndi zinzake. Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya ku America ya Knight Capital, yogulitsa masheya, inayamba ntchito itaika pulogalamu yatsopano pa seva 7 mwa seva zake 8. Seva yotsalayo inayendera malangizo akale, niyamba kugula ndi kugulitsa mosalekeza. M'mphindi 45 zokha kampaniyo inataya madola oposa 400 miliyoni.

Lachiŵiri nlakuti chiongolero chizikana kuononga zambiri mwakamodzi, pakuti ngakhale katswiri dzanja limaterereka. Pa 28 Febuluwale 2017, wantchito wa kampani ya Amazon anafuna kuzimitsa seva zoŵerengeka za nkhokwe yosungiramo zinthu ya S3. Analemba lamulo molakwika, ndipo zinazima zochuluka kuposa zimene anafuna. Makampani ambiri odalira nkhokweyo anavutika kwa maola pafupifupi 4. Pambuyo pake Amazon inakonzanso chidacho kuti chizichotsa seva pang'onopang'ono, ndi kuti chizikana lamulo lililonse lotsitsa chiŵerengero cha seva kupitirira malire oyenera. Apa pali phunziro: m'malo mongodzudzula munthu, konzani chida chimene chinamlola kulakwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo makina nawonso ayenera kuphunzitsidwa kudekha.

Lachitatu nlakuti si aliyense agwire chiongolero. Tomcat ikangoikidwa kumene, palibe munthu wololedwa kuloŵa mu Manager kufikira mwini wake atalemba dzina, mawu achinsinsi ndi udindo wa woloŵayo. Udindowo ngwosiyanasiyana: wina amaloledwa kungoona mmene seva ikuyendera, wina amaloledwa kulamula. Kuonjezera apo, nkofunika kuti lamulo lililonse lilembedwe pamodzi ndi nthaŵi yake ndi dzina la wolipereka, kuti pakagwa vuto gwero lake lidziŵike msanga.

Choncho, inu anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira za makompyuta, pokonza chida chotere dzifunseni kuti: kodi munthu wotopa, wodzutsidwa pakati pa usiku, angachigwiritse ntchito osaononga kanthu? Ngati yankho nlakuti ayi, ntchito yanu sinathe.