Amayi a Miphika Ikuluikulu a ku Lima

Mzinda wa Lima, likulu la dziko la Peru, unamangidwa m'chipululu. Mvula sigwa kwenikweni, ndipo anthu pafupifupi 10 miliyoni amene amakhalamo amadya zochokera kutali: mbatatesi zotsika kumapiri a Andes, mpunga wa kumpoto, nsomba za m'nyanja ya Pacific. Alendo amaudziwa mzindawu chifukwa cha malo odyera apamwamba, moti mu 2023 lesitilanti ina ya kumeneko, ya Central, inasankhidwa kukhala yoposa zonse padziko lapansi. Koma mukachoka pakati pa tawuni n'kukwera zitunda zafumbi za ku Comas, Carabayllo, San Juan de Lurigancho kapena Villa María del Triunfo, mupeza kuti nkhomaliro ya mabanja ambirimbiri siphikidwa m'nyumba zawo. Imaphikidwa mumphika umodzi waukulu, ndipo ophika ake ndi amayi oyandikana nyumba amene amasinthana masiku.

Makhitchini amenewa alipo amitundu iwiri. Akalekale amatchedwa comedor popular. Awa ali ndi chipinda chawochawo, mamembala olembedwa m'kaundula ndi malamulo a gulu, ndipo ambiri amalandirako mpunga, nyemba, mafuta ophikira ndi nsomba zam'chitini kuchokera ku boma kudzera ku makhonsolo. Ena amatchedwa olla común, ndipo amabadwa njala ikafika pothina. Amayamba ndi mafuwa panja, sefuliya yobwereka ndi kanthu kalikonse kamene mayi aliyense watapa m'nyumba mwake. Ena amatha mavuto akachepa, ena amamera mizu n'kukhala zaka.

Nzeru yake ndi ya masamu wamba. Wosauka amagula zinthu modula kuposa wolemera, chifukwa amagula mpunga wa lero lokha ndi mafuta ongokwanira ndiwo imodzi, ndipo wogulitsa aliyense amene katunduyo wadutsa m'manja mwake amadyapo yake. Mabanja makumi atatu akasonkha, amapikula thumba lathunthu la makilogalamu 50. Moto umayaka umodzi m'malo mwa makumi atatu. Kuwonjezera apo, pamene amayi anayi kapena asanu ali pamoto, enawo amapita kukachapa zovala kwa mabwana, kukagulitsa malonda mumsewu kapena kukasaka ganyu, podziwa kuti ana akaweruka kusukulu apeza chakudya chotentha.

Amene sanalowemo angaganize kuti ntchito yake ndi kutakasa mphika basi. Zoona zake n'zakuti kakhitchini kameneka kamayendetsedwa ngati kampani yaing'ono. Pali wapampando, amene amathera masiku ake m'maofesi a khonsolo, kutchalitchi ndi kumabungwe, atanyamula makalata opempha ndi mndandanda wa anthu amene amadya pamalopo. Pali msungichuma, mwini kope limene amalembamo khobidi lililonse lolowa ndi lotuluka, kuphatikizapo mayina a omwe adya pangongole. Pali wosunga katundu, amene amayeza mpunga wa tsikulo pasikelo ndipo kiyi wa mosungira zinthu amakhala naye. Magulu ambiri amasankhanso woyang'anira, amene ntchito yake ndi kuunika anzake atatuwo. Udindo umenewu sukondweretsa, koma ndi umene umapulumutsa gulu, pakuti khitchini ya onse nthawi zambiri sigwa ndi njala, imagwa ndi mphekesera yoti wina watuluka ndi botolo la mafuta m'chikwama. Amayi ambiri amene sanapite patali ndi sukulu anaphunzirira pomwepa kulemba zokambirana za pamsonkhano, kuwerengera ndalama ndi kuyankhula pamaso pa akuluakulu a boma osanjenjemera.

Ophika amayamba mbandakucha. Madera ambiri apamwamba pa zitunda alibe mipope, choncho madzi amabwera pa magalimoto a thanki, ndipo osaukawa amalipira kangapo kuposa anthu a m'madera olemera amene amangotsegula mpope. Galimoto ikalephera kukwera, madziwo amasenzedwa m'ndowa pa masitepe ataliatali a konkire. Akatero ndiye kusenda mbatatesi, kusankha mpunga, kuduladula anyezi wodzaza beseni. Gasi akatha ndalama palibe, amabwerera ku nkhuni, ndipo m'chipululu nkhuni ndi matabwa a makireti osweka ndi zidutswa zotola pomwe anthu akumanga. Utsi wake umawawa m'maso ndi pachifuwa. Pofika masana mzere wayamba kale, aliyense atanyamula mapoto ndi makontena akeake, chifukwa ambiri amakadyera kunyumba. Luso lalikulu la tsikulo lili m'dzanja la wogawa. Ayenera kuona ndi maso kuti mphika uwu utulutsa mbale zana limodzi ndi makumi awiri, n'kusunga muyezo womwewo wa chipande kuyambira woyamba mpaka wotsiriza. Akapatsa mowolowa manja koyambirira, gogo wa kumapeto kwa mzere abwerera chimanjamanja.

Mitengo imakhala itatu, ndipo apa m'pamene pali mtima wa ntchito yonseyi. Membala amalipira pang'ono. Munthu wapadera, monga mmisiri womanga kapena woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu, amalipira mokwererapo, koma motsikabe kwambiri poyerekeza ndi kulesitilanti. Ndiye pali amene salipira kalikonse: okalamba osiyidwa okha, ana amasiye, odwala chifuwa chachikulu, mayi amene mwamuna wamuthawa ali ndi khanda. Gulu ndilo limagwirizana kuti ndani alowe pamndandandawu, ndipo silifunsa zikalata, chifukwa aliyense amadziwa mmene khomo la mnzake lilili. Palibe ofesi ya boma imene ingasankhe ovutika molondola chotere.

Kusaka chakudya ndi ntchito inanso payokha. Thandizo la boma, likabwera, limakhala la zouma zokhazokha, ndipo silikwana mwezi. Masamba, nyama ndi zokometsera amagula okha. Choncho pamakhala amayi odziwa msika, amene amadziwa tsiku limene mbatatesi zatsika ndi wogulitsa amene angakongoze. M'zaka zaposachedwa magulu ambiri ayamba kupita kumisika ikuluikulu, kuphatikizapo msika wopikulitsa wa ku Santa Anita umene unatsegulidwa mu 2012 kulowa m'malo mwa msika wakale wa La Parada. Kumeneko amayenda benchi ndi benchi kupempha zimene sizingagulidwenso: tomato wophwanyika mbali imodzi, kabichi wofota masamba akunja, karoti wopindika, zipatso zopsa kwambiri. Amasankha, kutsuka, kudula powola, n'kugawana pakati pa makhitchini angapo. Zimene zikanakawolera kudzala zimasanduka msuzi. Ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yolemera kuposa yophika, chifukwa kupatula matumba ofunika kusenza ndi galimoto yofunika kulipira, pamafunika kumeza manyazi ndi kupirira mawu a ogulitsa ena amene amawaona ngati opemphetsa. Chonsecho iwowa akuthandiza msika kuchepetsa zinyalala.

Chakudya chake chimakhala msuzi kenako mbale ya mpunga ndi mphodza, nsawawa zouma kapena mbatatesi. Nyama yeniyeni imaoneka mwa apo ndi apo. Zimene zimapezeka kawirikawiri ndi zipalapasiro, nthutumba, ziwindi, makosi ndi mafupa a nkhuku. Chinanso chimene anamwino amalimbikitsa kwambiri ndi magazi a nkhuku owiritsa n'kukazinga ndi anyezi, omwe amatchedwa sangrecita. Ku Peru ana pafupifupi 4 mwa 10 alionse osakwana zaka zitatu ali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo chakudya chotsika mtengochi chimathandiza. Wophika waluso ndi amene amadziwa kuchikonza mwakuti mwana adye osachita tsinya.

Pena ndi pena pali timadimba. Ku Villa María del Triunfo anthu amalima letesi, anyezi ndi masamba ena pamchenga wothira manyowa, ngakhale pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi pomwe saloledwa kumangapo nyumba. Ena amatchera maukonde pamwamba pa zitunda kuti akole madzi a nkhungu ya m'nyengo yozizira, ndipo ena amaweta mbira. Zonsezi n'zabwino, koma tisanamizane: dimba lothiriridwa ndi madzi ogula silingadyetse anthu zana tsiku ndi tsiku. Limangokometsa mphika.

Ntchito ya makhitchini amenewa inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, chuma chitasokonekera mu ulamuliro wa asilikali. Amayi a m'madera ongomangidwa kumene, mothandizidwa ndi maparishi a Katolika ndi bungwe la Caritas, anaona kuti chakudya cha thandizo chimapita patali chikaphikidwira pamodzi kusiyana ndi kuchigawa chosaphika. Mu 1984 meya wa Lima, Alfonso Barrantes, anayambitsa ndondomeko ya Vaso de Leche yopatsa ana kapu ya mkaka tsiku lililonse, ndipo amene ankakonza ndi kugawa mkakawo anali makomiti a amayi omwewa. Kenako kunadza 1990, chaka chimene mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 7,000. Mu Ogasiti chaka chimenecho boma latsopano la Alberto Fujimori linachotsa zonse zimene zinkatchinjiriza mitengo, ndipo usiku umodzi wokha mafuta a galimoto anakwera pafupifupi ka 30. Anthu amene dzulo lake ankadzidalira anadzuka akufola pamzere wa mphika. Chaka chotsatira kunagwa kolera, ndipo amayi a m'makhitchini ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za kuwiritsa madzi.

Mphamvu yotereyi inawapezera adani. Zigawenga za Sendero Luminoso zinkafuna kuti njala ikwiyitse anthu mpaka aukire boma, choncho mayi wodyetsa anzake ankaoneka ngati wozimitsa moto wawo. Zinayamba kuopseza atsogoleri a amayiwa ndi kuwanamizira kuba. María Elena Moyano, amene anatsogolerapo chitaganya cha amayi a ku Villa El Salvador ndipo anali wachiwiri kwa meya wa deralo, anatsutsa zigawengazo poyera. Pa 15 Febuluwale 1992, ali pamwambo wogulitsa nkhuku pofuna kupezera ndalama komiti ina ya Vaso de Leche, zigawengazo zinamuwombera ana ake ali pomwepo, n'kuphulitsa thupi lake ndi bomba. Anali ndi zaka 33. Khamu lalikulu linaperekeza maliro ake, ndipo miphika sinasiye kuwira.

Mdani wina anabwera akumwetulira. Mu 1991 amayiwa anali atapambana pomenyera lamulo la nambala 25307, limene linavomereza magulu awo ndi kulonjeza kuti boma lizipereka zosachepera maperesenti 65 a chakudya cha mbale iliyonse. Lonjezolo silinakwaniritsidwe mokwanira. M'malo mwake bungwe la boma logawa chakudya la PRONAA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 n'kudzathetsedwa mu 2012, linatchuka m'nthawi ya Fujimori ndi kusinthanitsa matumba a mpunga ndi kupezeka pamisonkhano ya ndale. Magulu anagawikana, ena akuti tilandire bola ana adye, ena akuti tisagulitse ufulu wathu. Sindingaweruze mwachangu mayi amene anakwera basi ya chipani chifukwa mosungira zinthu munali mbee. Mlandu uli kwa amene anasandutsa njala ya ana kukhala nyambo.

Mliri wa Covid-19 utafika mu Marichi 2020, boma linatsekera anthu m'nyumba m'dziko limene ogwira ntchito 7 mwa 10 alionse amadalira zimene apeza tsiku lomwelo. Pazitunda panayamba kuoneka nsalu zoyera zomangiriridwa pandodo, chizindikiro choti pakhomo pano chakudya chatha. Pofika mu 2021 miphika ya olla común yoposa 2,000 inali itabadwa mu Lima mokha. Amayiwo anapanga mgwirizano wawo, Red de Ollas Comunes de Lima, motsogozedwa ndi Fortunata Palomino wa ku Carabayllo, ndipo anaguba m'misewu akuimba mapoto opanda kanthu mpaka nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la nambala 31458 mu 2022, lovomereza miphika imeneyi ndi kuitsegulira njira yolandirira thandizo la boma.

Chimene malamulo onsewa amachilambalala ndi malipiro. Wophika amalandira mbale zingapo zaulere za banja lake pa tsiku lake lophika, basi. Alibe penshoni, alibe tchuthi, ndipo akapsa ndi msuzi wowira kapena msana ukagwira chifukwa cha matumba, adziwa yekha. Kwathu kuno timadziwa amayi amene amachezera pamoto pamaliro osayembekeza kanthu, koma maliro amatha pakapita masiku awiri kapena atatu, pamene ena mwa amayi a ku Lima akhala pamoto zaka makumi atatu. Mbale ya m'makhitchini amenewa ndi yotsika mtengo chifukwa cha kupikula ndi kupulumutsa zotayidwa, inde, koma makamaka chifukwa thukuta la ophika silinawerengeredwemo. Akuluakulu akamawatamanda kuti ndi ngwazi zodzipereka, amakhala akuyamikira ntchito imene boma likanailipira ikanakhala kuti ikugwiridwa ndi kampani.

Pali ena m'maguluwa amene amaopa kuti malipiro angabweretse kukanganirana maudindo ndi kupatsa andale chingwe chatsopano chowakokera. Mantha amenewo ali ndi maziko, poona zimene zinachitika kale. Komabe m'makhitchini akale ambiri ophika ndi agogo tsopano, ndipo ana awo aakazi, amene anakula ndi chakudya cha mumphika womwewo n'kufika kusekondale kapena kukoleji, akusankha ntchito ya malipiro m'masitolo ndi m'mafakitale. Masiku ophika amene kale ankagawidwa pakati pa amayi makumi atatu, m'malo ena akugwera amayi asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu okha, ndipo aliyense wa iwo akubwerera pamoto kawiri kapena katatu pa sabata.