Khirisimasi ya m'Chisanu: Ulendo wa ku Matchalitchi Akale a mu London



Kwathu kuno Khirisimasi imafika mvula ili pakati. Chimanga chimakhala chili m'mawondo, alimi ali kalikiliki kupalira, ndipo popita ku tchalitchi m'mawa wa pa 25 Disembala munthu amaopa matope ndi thukuta basi. Lero ndikufuna kuti tiyendere limodzi malo amene tsiku lomwelo limafika ndi mdima ndi chisanu. Malowo ndi mzinda wa London, ku England, ndipo tikukaona matchalitchi ake akale.

Tiyambe ndi chisanucho, pakuti ndicho chimayamba kulonjera mlendo. Dziko lathuli, pozungulira dzuwa, siliyenda chilili; linapendekeka ndi madigiri 23 ndi theka. M'mwezi wa Disembala, mbali yathu ya kumwera imapendekera ku dzuwa, ndipo mbali ya kumpoto imalifulatira. London ali kutali kumpoto, pa madigiri 51 ndi theka. Chifukwa cha ichi, pa nyengo ya Khirisimasi dzuwa limatuluka 8 koloko itangopitirira, nililowa 4 koloko isanakwane. Ngakhale masana enieni silifika pa liwombo. Limangoyenda m'munsi, monga momwe limakhalira kwathu kuno ana akamanyamuka kupita ku sukulu. Kutentha kwa masana kumakhala pafupifupi madigiri 8, usiku kumatsikira ku 2 kapena 3, ndipo masiku ena madzi amaundana m'misewu. Inu amene munagonapo ku Dedza kapena pa Nyika m'mwezi wa Juni mukudziwako pang'ono, koma kumeneko dzuwa likatuluka munthu amaothera. Ku London palibe chowothera. Munthu amavala jasi, chipewa ndi magolovesi, ndipo akalowa m'tchalitchi chamiyala amavula chipewa chokha.

Pakati penipeni pa London pali kadera kamene eni ake amakatcha City. Kukula kwake n'kongopitirira pang'ono mailosi imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Apa ndipo Aroma anayambitsa mzindawu zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ndipo lero ndipo pali mabanki ndi maofesi akuluakulu a zamalonda. M'kadera kakang'ono kameneka muli matchalitchi pafupifupi 40, ndipo kale analimo oposa 100. Mwina mukufunsa kuti ochuluka chotere anali a chiyani. Yankho n'lakuti m'masiku amenewo anthu ankakhala mothithikana m'tinjira topapatiza, ndipo tinjira tingapo tokha tinkakhala parishi payokha, yokhala ndi tchalitchi chake, belu lake ndi manda ake. Amalonda olemera ndi magulu a amisiri ndiwo ankasonkha ndalama zomangira.

Pa 2 Seputembala 1666 moto unabuka m'nyumba yophikira buledi mu kamsewu kotchedwa Pudding Lane. Nyumba zambiri zinali zamatabwa, chilimwe chinali chitauma, ndipo mphepo inkaomba kuchokera kum'mawa. Motowo unayaka masiku anayi, nupsereza nyumba zoposa 13,000, matchalitchi 87, ndiponso tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Ntchito yomanganso inagwera Christopher Wren, munthu amene poyamba anali katswiri wa masamu ndi za nyenyezi. Iye ndi omuthandiza ake anamanganso matchalitchi 51. Malo anali ochepa ndi okhotakhota, ndipo nyumba zoyandikana zinkabisa makoma, choncho luso lake lalikulu analiika pa nsanja zimene zimaonekera pamwamba pa madenga. Palibe nsanja ziwiri zofanana. M'kati namonso anafuna kuti munthu aliyense azimva mlaliki ndi kumuona, ndiye anaika mazenera aakulu a galasi loyera. M'nyengo imene kuwala kuli kosowa ngati mchere wa mwezi wa njala, mlendo amayamika nzeru imeneyi.

St Paul's yatsopano inayamba kumangidwa mu 1675. Nyumba ya Malamulo inalengeza kuti yatha pa tsiku la Khirisimasi, mu 1711, Wren ali ndi zaka 79. Denga lake n'lozungulira ngati nkhali yovundikira, ndipo kuchokera pansi kufika pa mtanda wa pamwamba ndi mapazi 365, monga masiku a chaka. Wren anamwalira mu 1723, naikidwa m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chomwecho. Wofuna kungoona malo amalipira pakhomo, koma wobwera ku mapemphero salipira kanthu. Langizo langa n'lakuti mufike madzulo, pa nthawi ya mapemphero oimba. Kunja kumakhala kutada kale, ndipo mawu a kwaya akatha, amapitirirabe kumveka m'mwamba mwa dengalo kwa kanthawi, ngati kuti miyala ikuyankha.

Koma omvera, kuti St Paul's ilipobe lero si chifukwa cha kulimba kwa miyala kokha. Usiku wa Lamulungu, pa 29 Disembala 1940, patangopita masiku anayi chichitikire Khirisimasi, ndege za nkhondo za ku Germany zinagwetsa mabomba oyatsa moto zikwi ndi zikwi pa City. Maofesi anali okhoma, opanda anthu oti n'kuzimitsa moto ukadali waung'ono. Mapaipi a madzi anaphulika, ndipo mtsinje wa Thames unali utaphwa kwambiri, kotero kuti ozimitsa moto ankavutika m'matope kuti apope madzi. Kunabuka moto pa malo pafupifupi 1,500, ndipo matchalitchi 8 a Wren anapsa usiku umodzi womwewo. Pa denga la St Paul's panali gulu la anthu odzipereka amene ankagona pamenepo mosinthana usiku ndi usiku. Iwo ankathamanga mu mdima ndi ndowa za mchenga ndi timapampu ta m'manja, kuzimitsa bomba lililonse lisanayatse matabwa a pansi pa denga. Kutacha, nyumba zozungulira zinali phulusa, koma tchalitchicho chinali chilili.

Chimodzi mwa zimene zinapsa ndi St Bride's, mu msewu wa Fleet Street, kumene nyuzipepala zazikulu za ku Britain zinkasindikizidwa mpaka m'zaka za m'ma 1980. Nsanja yake ya mapazi 226 inapulumuka, koma m'kati munatsala makoma okha. Pokumba kuti amangenso, anapeza pansi pake zotsalira za nthawi ya Aroma ndi maziko a matchalitchi ena amene anakhalapo pamalopo kale. Anachitsegulanso mu 1957. Chimatchedwa tchalitchi cha atolankhani, ndipo pa guwa lina pamayaka makandulo pambali pa mayina a atolankhani amene anaphedwa kapena kugwidwa ali pa ntchito yawo m'mayiko osiyanasiyana. Chapafupi, mu msewu wa Cheapside, pali St Mary-le-Bow. Kulira kwa mabelu ake kunajambulidwa mu 1926, ndipo pa nthawi ya nkhondo wailesi ya BBC inkakuulutsa kunja ngati chizindikiro chake. Mabelu enieniwo anagwa ndi mabomba mu Meyi 1941, koma pa wailesi ankalirabe. Atsopano anayamba kulira mu 1961.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlendo wothamanga angathe kupitirira osaona katchalitchi kotchedwa St Mary Woolnoth, kamene kali pa mphambano pafupi ndi Bank of England. Komatu pamenepa pali nkhani yokhudza Africa. Kuyambira 1780 mpaka 1807 mbusa wa pamenepa anali John Newton, amene analemba nyimbo yotchuka ija ya Amazing Grace. Ali mnyamata, Newton anali woyendetsa zombo zonyamula akapolo kuchokera ku gombe la kumadzulo kwa Africa kupita ku America. Tisamukometsere mbiri: ngakhale atayamba kupemphera, anapitirizabe malonda oipawo kwa zaka zingapo, ndipo anawasiya mu 1754 chifukwa cha matenda. Panapita zaka zoposa 30 kuti ayankhule poyera. Mu 1788 anasindikiza kabuku kofotokoza zimene anaona ndi zimene iye mwini anachita m'zombozo, ndipo anavomera kuti kulapa kwake kunachedwa. Ndiyenso amene, mu Disembala 1785, analangiza phungu wachinyamata William Wilberforce kuti asasiye Nyumba ya Malamulo, koma atumikire Mulungu momwemo. Lamulo loletsa malonda a akapolo m'zombo za Britain linavomerezedwa mu Malichi 1807. Newton, atakalamba ndi kuchita khungu, anamwalira pa 21 Disembala chaka chomwecho.

Lamulo limenelo silinafike msanga kwathu kuno. Akapolo ochokera m'mbali mwa nyanja yathu ankapitabe kum'mawa, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kwa zaka zina zambiri. Kuti titsate nkhaniyo tiyenera kutuluka mu City ndi kuyenda mamailosi awiri kumadzulo, kufika ku Westminster Abbey, kumene William wa ku Normandy anavekedwa ufumu pa tsiku la Khirisimasi mu 1066. Pakati pa tchalitchi chimenechi, pansi pomwe anthu amaponda, pali mwala wakuda wa manda a David Livingstone. Iye anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859, namwalira mu Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, naumitsa thupi lake, nalinyamula miyezi 9 mpaka ku gombe la Bagamoyo. Chumayu anali Myao amene anaomboledwa m'manja mwa ogula akapolo m'mapiri a Shire mu 1861, akadali mwana. Maliro anachitika pa 18 Epulo 1874. Susi ndi Chuma sanaliponso. Anafika ku Britain mwambo utatha kale. Munthu wa kwathu kuno akaima pa mwala umenewo ayenera kukumbukira kuti popanda mapewa a anthu amenewa, manda amenewa sakanakhalapo.

Tsopano funso lalikulu n'lakuti: ndani amapemphera m'matchalitchi onsewa? Apa ndipo pali vuto. Kalembera wa mu 2021 anapeza anthu osakwana 9,000 okhala mu City, pamene ogwira ntchito m'menemo masana amaposa theka la miliyoni. Anthu amabwera m'mawa pa sitima, nabwerera madzulo. Motero zinthu zinatembenuka: matchalitchi ambiri amatsegula pakati pa sabata, natseka Lamulungu. Lamulo la mu 1952 linalola kuti ena mwa iwo asiye kukhala maparishi, azitumikira ogwira ntchito pa nthawi ya chakudya cha masana. M'masabata oyamba a Disembala amadzaza ndithu, pakuti makampani ndi mabungwe amachitiramo mapemphero a nyimbo za Khirisimasi tsiku ndi tsiku. Koma pa 25 penipenipo City imakhala zii. Mabasi a mu mzinda sayenda, sitima za pansi pa nthaka nazonso siziyenda, ndipo zitseko zambiri zimakhala zokhoma. Amene akukonza ulendo aziwerengera zimenezi.

Kufunditsa nyumba yamiyala ya zaka 300 ndi kukonza denga lake kumadya ndalama zambiri, ndipo mpingo wa anthu ochepa sungathe. Kangapo konse pakhala maganizo oti ena atsekedwe. Ena anatsegulamo malo ogulitsira khofi kuti apeze zolipirira magetsi. Ena amatsegulidwa chifukwa cha bungwe lotchedwa Friends of the City Churches, limene anthu ake, ambiri a iwo opuma pa ntchito, amakhala pakhomo mosinthana, atavala majasi awo, kuti mlendo apeze chitseko chotsegula. Kunja kwa City, pa bwalo la Trafalgar Square, pamene pamaima mtengo wa Khirisimasi umene mzinda wa Oslo wa ku Norway umatumiza chaka ndi chaka kuyambira 1947, tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields chinasankha njira yake. Kuyambira pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse chakhala chikulandira osowa pogona, ndipo Disembala aliyense chimapempha thandizo lawo kudzera pa wailesi. M'chisanu chotere, kugona panja ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Omvera anzanga, nafenso tili ndi nyumba zathu zakale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinatha kumangidwa mu 1891 ndi njerwa zoumbidwa pomwepo, ndipo cha St Peter's ku Likoma chinayamba kumangidwa mu 1903. Adani ake si mabomba ayi, koma chiswe, chinyezi ndi denga lodontha, ndipo mvula ino ndiyo nyengo yake yoonera pamene pakudontha. Mutu umodzi susenza denga. Mukapita kukapemphera Khirisimasi ino, muyang'aneko m'mwamba.

 Khirisimasi yabwino kwa inu nonse, ndipo tsalani bwino.