Rede ya ku Cuamba si rede ya kumsasa

MITANDE — Nyengo yokolola ikafika, anthu ambiri a m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba amasiya nyumba zawo n'kukakhala m'misasa. Ogula chimanga, soya, chitowe ndi nandolo amamanga zisakasa m'mphepete mwa misewu ya fumbi, sikelo itapachikidwa pa nthambi, ndipo amagona pamwamba pa matumba kwa miyezi iwiri kapena itatu. Asodzi amachita chimodzimodzi m'madoko a nyanja za Amaramba ndi Chiuta. Palinso oyendetsa malole pa msewu wa N13, amene galimoto ndiyo nyumba yawo: amaphika pansi pake ndipo amagona m'kati mwake podikira katundu.

Masiku ano ntchito ya anthu onsewa yatsamira pa foni ya m'manja. Mtengo wa mbewu umabwera pa WhatsApp, chithunzi cha katundu chimapita kwa bwana pa intaneti, ndipo ndalama zogulira zimadzera pa foni yomweyo. Koma ambiri amasankha khadi la foni ali m'tauni, atamva mtengo wotsika pa wailesi kapena kwa mnyamata wogulitsa makadi pa msika, n'kukazindikira atafika kumsasa kuti netiweki, imene kuno amaitcha rede, siinawatsatire.

Kutaya rede kumsasa n'kutaya ndalama. Mtengo wa nandolo sukhazikitsidwa ku Mitande. Nandolo wambiri wa kumpoto kwa Mozambique amadzera pa doko la Nacala kupita ku India, dziko limene linasaina pangano logula mbewuyi ndi Mozambique mu 2016. Mu 2017 India atachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo unagwa koopsa m'midzi yonse. Wogula amene wakhala masiku anayi osalandira uthenga amapitiriza kulipira mtengo wakale, ndipo lole ikafika amapeza kuti matumba ake sakubweza ngakhale ndalama anagulira. Mtengo ukakwera, amene amapwetekeka ndi mlimi wosamva nkhani, popeza amagulitsa motchipa kwa munthu amene foni yake yamuuza kale.

Makampani a foni mu Mozambique alipo atatu. Tmcel, ya manambala oyamba ndi 82 ndi 83, inabadwa pamene TDM inaphatikizidwa ndi mCel, kampani imene inayambitsa mafoni a m'manja m'dziko muno mu 1997. Vodacom, ya 84 ndi 85, inayamba mu 2003. Movitel, ya 86 ndi 87, inabwera mu 2012 ndi chuma cha kampani ya Viettel ya ku Vietnam, ndipo inatchuka chifukwa inayamba ndi kumidzi, kudzala mapolo a nthambo ndi kuimika nsanja kumene anzake anali asanafike. Mbiri imeneyi ndi yoona, koma siuza munthu zimene akapeze pa doko limodzi kapena pa mphambano imodzi. Kampani ikhoza kukhala ndi nsanja zambiri m'chigawo chonse cha Niassa koma n'kusowa pa dambo lomwe iye wamangapo chisakasa.

Chifukwa chake ndi mmene mphamvu ya nsanja imayendera. Imayenda molunjika ngati kuwala kwa nyali. Pa chigwa kapena pamwamba pa madzi imapita kutali, koma phiri likaima pakati imaduka. N'chifukwa chake m'dera la mapiri ngati la Massangulo munthu amalankhula bwinobwino pa chitunda, koma akatsikira kumtsinje, mtunda wosakwana kilomita, foni imangoti zii. Nsanja zambiri zinatsata kumene kuli anthu: m'matauni, m'mbali mwa msewu wa Cuamba kupita ku Mandimba ndi Lichinga, ndi m'malo ngati Mitande pa njanji imene inatsegulidwanso mu 2016. Misasa ya mbewu ndi ya nsomba nthawi zambiri imakhala kumene njira zimenezi zatha.

Choncho funso loyenera si lakuti kampani yabwino ndi iti, koma lakuti ndi khadi liti limene limagwira pamalo pomwe munthu akagone. Yankho lake silipezeka mu ofesi ya kampani. Lili ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya m'mudzimo, namwino wa pa chipatala chapafupi, wa njinga yamoto wonyamula anthu, ndi ana amene amadziwa chulu kapena mtengo wa mango umene anthu amakaimapo akafuna kuimba foni. Mudzi uliwonse wovuta rede uli ndi malo otero, ndipo udzu wake unatha kale ndi mapazi. Wogula wochenjera amafunsa za chulucho asanazike mtengo woyamba wa chisakasa, chifukwa kusuntha msasa mapazi 200 kukwera chitunda kumatha kusintha nyengo yonse.

Kufunsa kokha sikokwanira, popeza munthu akanena kuti "kuno imagwira" kawirikawiri amatanthauza kuimba. Kuimba ndi intaneti n'zosiyana. Timizere ta pamwamba pa foni timangosonyeza mphamvu ya nsanja, koma chilembo chimene chili pambali pake ndicho chimanena za intaneti. Chikakhala E, ndiye kuti ndi rede yakale ya 2G: mawu ndi SMS zimapita, uthenga wolemba wa WhatsApp umapita mokwawa, koma chithunzi chikhoza kuzungulira mpaka nsima itapsa. Chikakhala H kapena 3G zinthu zimayenda. Chikakhala 4G kapena LTE ngakhale kanema amatheka. Kuyesa kwenikweni ndi kutumiza chithunzi chimodzi uli pamalo ogonapo, m'mawa ndiponso madzulo. Madzulo anthu onse akabwerako kumunda n'kuyatsa mafoni, nsanja imodzi imagawidwa kwa anthu ambiri, ndipo intaneti imene inkathamanga m'mawa imatha kuima timizere tili todzaza.

Pa chifukwa chimenechi, foni yolowa makadi awiri si yonyadira ayi, ndi chida cha ntchito. Khadi limodzi likhale la pamsasa, lina la panjira kapena la kumene kuli bwana ndi banja. Khadi lililonse liyenera kulembetsedwa m'dzina la mwini wake ndi chitupa, monga limafunira bungwe la INCM loyang'anira mafoni. Makadi olembetsedwa kale m'dzina la munthu wosadziwika amaoneka osavuta kugula, koma foni ikagwera m'madzi kapena ikabedwa, kampani siingabwezere nambalayo, kapena ndalama zili m'menemo, kwa munthu amene dzina lake silili m'kaundula. Ndiponso khadi losungidwa m'kathumba miyezi yambiri osaliikamo kredito limatsekedwa, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku lomwe walifuna.

Anthu a m'malire ali ndi vuto lina limene a ku Nampula salidziwa. Kuchokera pa tauni ya Mandimba kufika ku Chiponde ndi makilomita ochepa chabe, ndipo mphamvu ya nsanja siima pa chipata kudinditsa pasipoti. M'midzi ina ya m'malire, ndiponso m'mbali mwa Chiuta kumene madzi satchinga kanthu, nsanja ya Airtel kapena TNM ya ku Malawi imamveka mwamphamvu kuposa ya kuno. Foni yosiyidwa kuti izisankha yokha rede imathamangira yamphamvuyo. Ngati khadilo ndi lololedwa kugwira ntchito kunja, mwini wake amalipira mitengo ya mlendo ali khale pakhomo pake, ndipo mamega amene anagula sagwira ntchito pa nsanja ya dziko lina. Intaneti imadya kredito mwachindunji mpaka itatha. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a foni, kusankha rede ndi dzanja, ndi kutseka intaneti ya kunja, imene mafoni amailemba kuti roaming.

Ena anapeza njira yawo kalekale: ali ndi khadi la ku Malawi, lolembetsedwa ku Malawi komweko, ndipo amagula mayunitsi ndi kwacha ku Chiponde kapena ku Namwera. Kwa msodzi amene nsomba zake zimagulidwa ndi anthu a tsidya lija, njira imeneyi ndi yanzeru. Koma khadi lotero limagwira motchipa pokhapo pamene nsanja ya ku Malawi ikufika. Akalowa nalo m'kati, cha ku Mississi kapena ku Cuamba, iyeyo ndiye amasanduka mlendo. Ndipo womuimbira pa nambala ya +265 kuchokera pa nambala ya +258 amalipira ngati waimba kunja, ngakhale awiriwo akuonana maso ndi maso. Apa ndi pamene kuimba pa WhatsApp kumapulumutsa, chifukwa intaneti sifunsa dziko la nambala.

Rede ikapezeka, pamatsala kusankha phukusi la mamega. Pali a tsiku, a mlungu ndi a mwezi, ndipo onse amafa nthawi yake ikakwana, kaya agwiritsidwa ntchito kaya ayi. Phukusi la tsiku limaoneka lotchipa, koma ndi la munthu wa m'tauni amene rede ili naye nthawi zonse. Wa kumsasa amene amakwera chulu kamodzi madzulo amagwiritsa ntchito mphindi 20, zotsalazo n'kupsa usiku. Kwa iye la mlungu kapena la mwezi ndilo lopindulitsa, ngakhale limapweteka polipira. Mitengo yokha sikhazikika. Mu May 2024 INCM inakhazikitsa mitengo yatsopano imene inakweza intaneti ndi kuthetsa maphukusi opanda malire. Anthu atadandaula kwambiri, makamaka ana a sukulu zapamwamba ku Maputo, mitengoyo inaimitsidwa patangopita milungu yochepa. Choncho mtengo umene munthu anamva chaka chatha ndi wofunika kuufunsanso.

Chimene chimamaliza mamega si ntchito. Uthenga wolemba sudya kanthu, ndipo kuimba pa WhatsApp sikufika mega imodzi pa mphindi. Amadya ndi makanema a Facebook, TikTok ndi YouTube, amene pa ola limodzi amameza mamega mazanamazana. Usiku wa kumsasa ndi wautali, palibe wailesi ya kanema, ndipo anyamata onyamula matumba amapempha foni ya bwana kuti aonereko mpira. Palibe choipa pamenepo, koma phukusi logulidwira mwezi limatha Lachitatu. Foni nayonso imadya yokha mwakachetechete, kukopera zithunzi ndi makanema onse a m'magulu a WhatsApp ndi kukonza mapulogalamu ake, pokhapokha mwini wake ataletsa.

Nkhani ya ndalama ndi yolemera kuposa zonsezi. Khadi lililonse lili ndi chikwama chake: M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel ndi mKesh ya Tmcel. Ubwino wake ndi wakuti sizifuna intaneti. Woimba *150# wa M-Pesa kapena *898# wa e-Mola amathandizika ngakhale pa rede ya 2G ndi kafoni ka mabatani. Izi zinaoneka kumapeto kwa 2024, pamene intaneti ya pa mafoni inkadulidwa m'dziko muno pambuyo pa chisankho cha mu October, koma kuimba ndi SMS zinkayenda. Kuyambira 2022 ndalama zimatha kuchoka m'chikwama cha kampani imodzi kupita cha ina. Komabe mlimi amafuna ndalama za m'manja, ndipo ndalama za mu foni zimasanduka mapepala pokhapokha pali ajenti amene ali nazo. Nyengo yogula mbewu ajenti wa kumudzi amauma msanga, popeza aliyense akutapa ndipo woika ndi wochepa. Wogula amene walandira mametikali ambiri pa foni akhoza kukhala tsiku lonse pa njinga yamoto kusaka wotapitsa, sikelo ili yokha. Choncho posankha khadi, ajenti wapafupi ndi kukula kwa bizinesi yake n'zofunika kuzidziwa mofanana ndi nsanja.

Moto nawo ndi nkhani. Foni imene ili pa rede yofooka imamaliza batire msanga, chifukwa imadzikakamiza kufuula kuti nsanja yakutali iimve. Pamalo opanda rede ndi bwino kuithimitsa kapena kuiika pa chizindikiro cha ndege mpaka nthawi yokwera chulu. Kasola kakang'ono ndi batire yosungira moto zimakwanira, bola foniyo isaikidwe padzuwa pamodzi ndi solayo, popeza kutentha kumatupitsa batire.

Ku America kuli anthu amene amakhala miyezi yambiri m'magalimoto okhala ndi bedi ndi khitchini, ndipo mu 2022 kampani ya Starlink inawakonzera intaneti yochokera ku masetilaiti, yosadalira nsanja. Starlink inayamba kugwira ntchito mu Mozambique ndi m'Malawi mu 2023. Mbale yake imagwira pa doko kapena pa dambo, bola kumwamba kukhale koyera, kopanda nthambi zotchinga. Koma zida zake zimagulidwa ndi ndalama za matumba ambiri a nandolo, pamakhala malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo zimafuna sola ndi batire zazikulu kuposa za foni. Ndiponso imapereka intaneti yokha: *150# ndi *898# zimafunabe nsanja. Kampani ya fodya kapena ya thonje yokhala ndi antchito ambiri pamalo amodzi ikhoza kuikwanitsa. Wogula wa sikelo imodzi ndi msodzi wa bwato limodzi, pakali pano, njira yawo ikadali makadi awiri olembetsedwa bwino, phukusi la mwezi logulidwa asananyamuke, ndi chisakasa chomangidwa moyandikira chulu chimene ana a m'mudzimo aloza.