Mayi wa mfumu akakhala mtengwa

Ku France wakale lamulo linali lakuti mkazi salowa ufumu, ndipo ufumu sudzera mwa mkazi. Komabe dzikolo linalamulidwa ndi amayi kangapo, ambiri mwa iwo obadwira kunja. Mafumu ankakwatira kutali pofuna kumanga ubale ndi maiko ena, ndipo mfumu ikamwalira mwana akadali wamng'ono, wogwirizira mpando ankakhala mayi wake, mtengwa uja. Blanche wa ku Castile anayamba kulamula mu 1226, mwana wake Louis IX ali ndi zaka 12. Chifukwa chosankhira mayi nchosavuta kuchiona. Atate aang'ono a mwanayo anali a magazi achifumu, choncho akanatha kukakamira pampandopo. Mayi sakanatha kuulanda, pakuti lamulo linamutsekera kale khomo.

Wotchuka kuposa onse ndi Catherine de' Medici. Anabadwira ku Florence mu 1519, natengwa kupita ku France ali ndi zaka 14. Mwamuna wake Henri II atafa mu 1559, ana ake atatu analowa ufumu motsatizana. Charles IX anaulowa mu 1560 ali ndi zaka 10 zokha, dziko litagawikana pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti. Catherine anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi: mu Januwale 1562 anatulutsa lamulo lolola Apulotesitanti kupemphera kunja kwa mizinda, koma nkhondo inabukabe chaka chomwecho. Kenaka kunadza tsiku la 24 Ogasiti 1572, pamene Apulotesitanti anayamba kuphedwa mu Paris, atabwera kuukwati wa mwana wake wamkazi Marguerite, ndipo anthu zikwizikwi anafa m'dziko lonse. Ine sindimuchotsera mlandu mayiyu, pakuti anali pakati pa olamula. Chimene chimandipweteka nchakuti omuda ankaloza kwawo kumene anachokera, ngati kuti nkhanzazo anabwera nazo kuchokera ku Italy, pamene onyamula mipeni anali eni dziko.

Marie de' Medici, amene anagwirizira mpando kuyambira 1610, anathera pamavuto. Mlangizi wake wa ku Italy, Concino Concini, anaphedwa mu 1617 movomerezedwa ndi Louis XIII, mwana wa Marie yemweyo, ndipo mayiyo anakafera ku Cologne mu 1642. Anne wa Austria, wobadwira ku Spain, anasonyeza kuti mtengwa angathe kusankha mwana wake kuposa kwawo. Atayamba kulamula mu 1643 m'malo mwa Louis XIV, anapitiriza nkhondo yolimbana ndi mlongo wake Philip IV, mfumu ya Spain.

Kwathu kuno zinthu zinakhala mwina. Mu ufumu wa Maravi, Kalonga ankachokera mu mtundu wa aPhiri, ndipo uPhiri wakewo ankautenga kwa mayi. Nyangu, dzina limene linkaperekedwa kwa mayi kapena mlongo wa Kalonga, sanali mlendo woitanidwa kudzasunga mpando. Mpandowo unkachokera mwa iye. Mkazi wamkulu wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa aBanda, ndipo ngakhale ankalemekezedwa, ana ake sankalowa ufumu wa atate awo. Mbiri ya makolo imati Undi atapatukana ndi Kalonga nalowera kumadzulo, anatenga Nyangu, ndipo ndi zimenezo anatenga tsogolo la ufumu womwe. Mpaka lero, Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia akasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pamwambo wa Kulamba, dzina la Nyangu limatchulidwa mwaulemu pambali pa la Kalonga Gawa Undi.

M'mudzi wa Achewa mlendo ndi mwamuna. Mkamwini amamanga nyumba pa malo a apongozi, ana ndi a mbumba ya mkazi wake, ndipo pamlandu wawo amayankhula ndi malume. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo mawuwa akanamuyenera Catherine ku Paris monga amamuyenerera mkamwini ku Dowa kapena ku Dedza. Mfumu ikamwalira, ntchembere za mbumba ndizo zimanong'onezana dzina la woyenera kulowa, ndipo palibe wozifunsa kuti zinachokera kuti. Sindikunena kuti njira yathu ilibe mikangano. Bele lalikulu ndi bele laling'ono amalimbirana ufumu mpaka kukhoti, ndipo midzi ina yagawikana chifukwa cha zimenezi. Koma mkanganowo umakhala wa pachibale, ndipo mayi amaulowa ali mwini wake.

Pali ufumu wina mu Africa muno umene unayenda pakati pa njira ziwirizi. Kwa Aswazi ufumu umadzera kwa bambo, mu mtundu wa Dlamini, ndipo mayi wa mfumu ayenera kuchokera mu mtundu wina. M'malo momuona ngati wongobwereka mphamvu, anamupatsa udindo wakewake wa Ndlovukati, wokhala ndi mudzi wake ndi nduna zake. Labotsibeni Mdluli, mayi wa mfumu Bhunu, anagwirizira mpando m'malo mwa mdzukulu wake kuyambira 1899 mpaka 1921. Analimbikitsa anthu kusonkha ndalama zoombolera malo amene azungu anatenga, natumiza mdzukulu wake Sobhuza II kukaphunzira ku Lovedale, ku South Africa, asanamupatse dziko.