NGOLO YA KHOSI LA TSEKWE: KAMANGIDWE KA COKOKERA CACE PA VANETI

Alimi ambiri a ng'ombe ku America, maka-maka ku madera a Texas, Oklahoma ndi Kansas, sakokera ngolo zao zazikuru ku mcira wa galimoto monga ticitira ife kuno. Iwo amanga mpira wa citsulo pakati pa bodi ya vaneti, ndiwo malo aja onyamulira katundu, ndipo ngolo ifika pa mpirawo ndi khosi lalitali lopindika, lodzera pamwamba pa citseko ca kumbuyo. Cifukwa ca maonekedwe a khosilo eni ace acha ngolo yotere gooseneck, ndiko kunena kuti khosi la tsekwe. Ngolo za mtundu uwu zinyamula ng'ombe, akavalo, udzu wa ziweto ndi mathirakitala. Popeza tsopano alimi ena ndi makopaletivu kuno kwathu ali ndi mavaneti, ndipo zitsulo zotere zitha kuitanitsidwa kunja, nkwabwino kuti owerenga adziwe kamangidwe kace asanatayepo ndarama zao, kapenanso moyo wa anthu pa mseu.

Kodi nanga alimiwo abvutikiranji kuboola bodi ya galimoto yodula? Munthu ali yense amene anayendetsapo ngolo ya ng'ombe ya matayala awiri adziwa kale yankho lace. Mukaunjika matumba kumbuyo kwa ngolo, mtanda wace utukuka ndipo goli litsamwitsa ng'ombe. Mukaunjika kutsogolo, goli lipsinja makosi ndipo ng'ombe zilema msanga. Katundu ayenera kutsamira pamene pali mphamvu yomunyamula. Ndi cimodzi-modzi pa galimoto. Cokokera ca ku mcira cikhala patali ndithu kumbuyo kwa ekiselo, ndiye mtanda uja ugwira matayala a kumbuyo. Ngolo yolemera ikapsinja pamenepo, mcira utsika ndipo mutu wa galimoto upepuka, monga umo munthu atukulira mwala ndi mtengo. Matayala a kutsogolo, amene aongolera galimoto, sagwiranso bwino nthaka, ndipo ngolo iyamba kupepesuka uku ndi uku. Koma mpira ukakhala pamwamba pa ekiselo, kapena patsogolo pace pang'ono, kulemera kutsikira pa matayala eni-eni, kwina kufika ndi kutsogolo komwe. Galimoto iyenda mokhazikika, ndipo itha kukhota pa malo opanikizika monga pa khomo la khola kapena pa dibi.

Tsono cinthu coyenera kumvetsa bwino ndi ici: mpira uja uoneka m'bodi ndi kanthu kakang'ono cabe. Mphamvu yonse ya cokokera iri kunsi, kosaoneka. Malata a bodi ngopyapyala, anapangidwira kugonekapo matumba, sanapangidwire kukoka ng'ombe khumi ai. Cokokera ceni-ceni cimangidwa ku chasisi, ndizo zitsulo ziwiri zazikuru zocokera ku mutu kufika ku mcira wa galimoto, zimene bodi ndi injini zikhalapo. Munthu akamanga mpira pa malata okha, tsiku lina ponyamuka kapena pogwira buleki malata adzang'ambika, ndipo khosi la ngolo lidzalasa kanyumba ka woyendetsa pamodzi ndi onse okhalamo.

Cokokera cogula ku sitolo cifika m'bokosi ndi zitsulo izi: mitanda iwiri yopingasa kucokera ku mbali imodzi ya chasisi kufika ku inzace, citsulo ca pakati cokhala ndi dzenje lolowamo mpira, mbale ziwiri za m'mbali, cogwirira cotsekera mpira, zokowekapo unyolo ndiponso mabauti. Cimodzi mwa zodziwika kwambiri ndi Turnoverball, ca kampani ya B&W ya mu tauni ya Humboldt ku Kansas, imene Roger Baker ndi Joe Works anayamba mu 1987. Cokokeraci anacitulutsa mu 1991. Nzeru yace njakuti mpira uzulidwa ndi kubwezedwa m'dzenje lace cozondoka, kotero kuti tsiku lopanda ngolo bodi ikhala yosalala ndipo mungathe kulongamo cimanga kapena feteleza monga kale. Mpira wa ngolo zotere ndi wa mainci 2 5/16, pafupi mamilimita 59. Uja wa ku mcira wa magalimoto ambiri kuno ndi wa mamilimita 50. Pa maso isiyana pang'ono, koma kuika khosi lalikuru pa mpira waung'ono ndiko kuitana ngozi, pakuti pa cigwembe coyamba ngolo idzalumpha ndi kumasuka.

Nchito iyamba ndi kulambula malo. Imikani galimoto pa malo osalala, ikani miyala ku matayala, ndipo cotsani tayala la sipeya limene likhala kunsi kwa bodi. Pa magalimoto ena nkofunikanso kutsitsako paipi ya utsi ndi kucotsa lata locinga kutentha. Mukatero gonani cagada ndi nyali, nimuone bwino zonse zodzera pamenepo: timapaipi ta mabuleki, ta mafuta, mawaya a magetsi ndi thanki. Zimenezi ndizo zionongeka kawiri-kawiri munthu akaboola cosayang'ana.

Kupima ndiko kufuna mtima wofatsa kopambana zonse, cifukwa ciboo cikaboledwa sicibwerera. Pepala lobwera ndi cokokera linena mainci angati kucokera ku mapeto a bodi kufika pamene mpira udzakhala, ndipo muyeso umenewu usiyana monga mwa mtundu wa galimoto ndi utali wa bodi yace. Muyeso wa galimoto ya mnzanu suli wanu. Pimani ndi tepi kucokera ku mphepete ya malata a kumbuyo, osati kucokera ku citseko, pakuti citseko cigwedezeka. Kenaka pimani pakati peni-peni pa mapiri awiri aja a matayala. Pamene mizere iwiri ikumana ikani cizindikilo ndi msomali. Bwerezani kupima kawiri kapena katatu, ndipo nkwabwino kuti munthu wina apimenso payekha osamuuza cimene inu mwapeza. Cimene tifuna ncakuti mpira ukhale patsogolo pa ekiselo pang'ono, mainci owerengeka cabe. Ukabwerera kumbuyo kwa ekiselo, phindu lonse lija tanena latayika. Ukapitirira kutsogolo, ngodya ya ngolo idzaphwanya galasi la kumbuyo pokhota, maka-maka pa vaneti ya zitseko zinai imene bodi yace njaifupi.

Boolani kaciboo kakang'ono poyamba, nimulowe kunsi kukaona pamene katulukira. Ngati katulukira pakati pa mitanda ya bodi ndipo palibe paipi pafupi, ndipo pamenepo mudule ciboo cacikuru ndi sowo yozungulira. Pa Turnoverball ciboo cimeneci nca mainci 4, pafupi masentimita 10. Ikani thabwa kunsi ngati thanki iri pafupi. Mukatha, palani m'mphepete mwa ciboo ndi tupa ndi kupakamo penti. Ambiri anyoza zimenezi, koma citsulo codulidwa cikasiyidwa pa mtunda cicita dzimbiri dzinja limodzi lokha.

Mitanda iwiri ilowetsedwa kudzera pa mpata wa tayala la kumbuyo, pakati pa bodi ndi chasisi, ndi kugonekedwa pamwamba pa chasisi. Citsulo ca pakati ncolemera, ndipo si kwa nzeru kucikweza ndi manja muli cigonere cagada. Pingasani mtengo wolimba pamwamba pa bodi, tsitsani cingwe pa ciboo cija, ndipo mnzanu akoke kufikira mlomo wa dzenje la mpira utalowa bwino m'ciboo. Pamenepo mangani citsulo ca pakati ku mitanda, ndi mbale za m'mbali ku mitanda ndi ku chasisi. Mabauti onse alowe ndi manja poyamba, osalimbitsa ngakhale limodzi kufikira onse atalowa ndipo cokokera caima cilili pakati. Mukafulumira kulimbitsa mbali imodzi, ziboo za mbali inayo zidzakana kukumana.

Za mabauti tinenepo mau ena. Gwiritsani nchito okhawo anabwera ndi cokokera. Limodzi likatayika, gulani la mphamvu yofanana: pa mutu pace pakhale mizere 6, kapena nambala 10.9. Bauti wamba wa pa msika, wonga uja timangira zitseko, aduka ngati nzimbe. Polimbitsa pafunika sipanala yopima mphamvu, imene ilira kuti "kha" ikafika pa muyeso wolembedwa pa pepala. Amakanika ambiri a m'tauni ali nayo. Kulimbitsa ndi paipi yaitali kufikira thukuta litatuluka kutanula bauti ndi kumufooketsa, ngakhale mwini nchito aganiza kuti walimbitsa bwino.

Zotsala nzapafupi. Cogwirira cotsekera mpira citulukira pa mpata wa tayala, kuti munthu atsekule osalowa kunsi. Zokowekapo unyolo ziwiri zifuna ziboo zina zinai zazing'ono, zoboola mocokera kunsi potsata ziboo za pa citsulo ca pakati. Bwezani paipi ya utsi ndi tayala la sipeya, ndi kuonetsetsa kuti palibe paipi ya mabuleki kapena waya wokhudzana ndi citsulo catsopano. Anthu awiri odziwa sipanala atha kumariza zonsezi pa theka la tsiku.

Koma tsono pali nkhani yoposa kamangidwe, ndipo alimi a kuno aimvetse bwino. Cokokera ca Turnoverball cinalembedwa kuti cikoka mapaundi 30,000, ndiwo makilogramu pafupi 13,600, ndi kusenza pa mpira mapaundi 7,500, ndiwo makilogramu 3,400, kapena matumba 68 a cimanga a makilogramu 50. Manambala amenewa anena za citsulo cokha, sanena za galimoto yanu. Alimi a ku America amanga zokokerazi maka-maka pa mavaneti akulu-akulu monga Ford F-250 ndi F-350, Ram 2500 ndi Chevrolet Silverado 2500. Toyota Hilux, Isuzu ndi Ford Ranger zimene tiona m'misewu ya Chipata, Katete ndi Petauke nzazing'ono kwa amenewo. Zinyamula katundu pafupi tani imodzi, ndipo zamphamvu mwa izo ziloledwa ndi ozipanga kukoka makilogramu 3,500, ngolo ikakhala ndi mabuleki ace.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Ngolo ya khosi la tsekwe itsamiritsa pa mpira gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena limodzi mwa anai, la kulemera kwace konse. Ngolo yolemera makilogramu 3,000 pamodzi ndi katundu wace ipsinja mpira ndi makilogramu 600 kufikira 750. Zimenezi zifanana ndi matumba 12 kufikira 15 oikidwa m'bodi. Onjezanipo cokokera cimene, woyendetsa, anzace awiri ndi zida za pa ulendo, ndipo mudzaona kuti tani ija yatsala pang'ono kukwana. Cotero bodi iyenera kuyenda yopanda kanthu. Cizolowezi cathu cokweza abale ndi matumba ao kumbuyo popita ku msika ciyenera kulekeka tsiku limene ngolo yamangidwa, pakuti khosi la ngolo lisesa m'bodi monse pokhota ndipo litha kuphwanya munthu. Manambala a galimoto yanu ali pa kambale ka pa khomo kapena m'buku lace, ndipo nambala yocepa pakati pa ya galimoto, ya cokokera ndi ya ngolo ndiyo iyenera kutsatidwa.

Cokokera ciri conse cipangidwira mtundu umodzi wa galimoto, cifukwa mbale zace zitsata ziboo zimene ziri kale pa chasisi. Ca F-250 sicingalowe pa Hilux. Mlimi wosapeza coyenera galimoto yace apite kwa akatswiri opanga ngolo ndi mabodi a malole, osati kwa mmisiri woocerera mafelemu a mazenera. Kuocerera pa chasisi kufooketsa citsulo ndi moto, ndipo kuboola milomo yace ya pamwamba ndi ya pansi ndiko kuyambitsa mng'alu umene ukula pang'ono-pang'ono pa mseu wa magwembe. Musanayambe nchito pitaninso ku ofesi ya Road Transport and Safety Agency mukafunse za kulembetsa ngolo ndi za laisensi yoyenera kulemera kumeneko, ndipo uzani a inshuwalansi kuti galimoto yasinthidwa.

Ngolo yolemera cotere iyenera kukhala ndi mabuleki ace-ace. Za ku America zambiri zigwira buleki ndi magetsi, motero pafunika kumanga kabokosi kolamulira mabulekiwo pafupi ndi ciongolero, ndi pulagi ya mano 7 m'mbali mwa bodi. Palinso kacingwe kokoweka ku galimoto kamene kagwira mabuleki a ngolo ikamasuka mwangozi. Amene anatsikapo mapiri a ku mlatho wa Luangwa pa Great East Road ndi galimoto yolemedwa adziwa cifukwa cace zimenezi sizinyozeka.

Tsiku loyamba yesani ngolo yopanda katundu pa bwalo. Tsitsani citseko ca kumbuyo pobwerera ku ngolo, ndipo citsekeni khosi litalowa. Onani kuti pakati pa ngolo ndi milomo ya bodi patsala mpata wa mainci 6, pafupi masentimita 15, pakuti poloka kamtsinje kapena potsika mseu wa tala kulowa wa dothi ngolo ipendekera ndi kugunda bodi. Khotani pang'ono-pang'ono mbali zonse ziwiri, wina ali ciimire kuyang'ana ngodya ya ngolo ndi galasi. Mudzaonanso kuti ngolo yotere idula njira pokhota, matayala ace adzera m'kati mwa mapazi a galimoto, cotero pa cipata ndi pa kamlatho muyenera kuzungulira patali. Mukabwera pa ulendo woyamba wa katundu, lowaninso kunsi ndi sipanala ija mulimbitse mabauti onse kaciwiri. Mpira ndi dzenje lace muzipaka girisi, ndi kucotsamo mcenga mwezi uli wonse, cifukwa mpira wosiyidwa cozondoka dzinja lonse ugwirana ndi dzimbiri ndipo ukana kuzuka pa tsiku lofuna kutengera ng'ombe ku msika.