Ruy Lopez (tchesi)

Ruy Lopez ndi imodzi mwa njira zakale komanso zotchuka kwambiri zoyambira masewera a tchesi. M'mayiko ambiri amaitchula ndi dzina la dziko la Spain. Dzina lakuti Ruy Lopez linachokera kwa wansembe wa ku Spain, Ruy López de Segura, amene anaifotokoza m'buku lake la mu 1561, ngakhale kuti njirayi inalipo kale iye asanalembe bukulo.

Kayendedwe kake

Polemba masewera a tchesi, N amaimira hatchi, B bishopu, R nsanja, Q mfumukazi, ndipo x amasonyeza kudya. Msilikali alibe chilembo chake, amangolemba kabokosi kamene wafikamo. Ruy Lopez imayamba motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bb5.

Hatchi yoyera ya pa f3 ikufuna kudya msilikali wakuda wa pa e5, koma hatchi yakuda ya pa c6 ikumulondera. Bishopu akafika pa b5 amaopseza mlondayo. Apa ndi pamene ongoyamba kumene amapupuluma, poganiza kuti akachotsa hatchiyo adya msilikali waulere. Sizitero. Masewera akayenda 3...a6 4.Bxc6 dxc6 5.Nxe5, wosewera zakuda amayankha 5...Qd4. Mfumukaziyo imaloza hatchi ya pa e5 ndi msilikali wa pa e4 nthawi imodzi, ndipo hatchi ikathawa, msilikali amadyedwa. Wazoyera sanapindule kanthu, koma wataya bishopu mmodzi pamene mnzake akadali nawo onse awiri.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri amabweza bishopu pa a4 n'kuyamba akonza kwawo: 4.Ba4 Nf6 5.O-O Be7 6.Re1. Chizindikiro cha O-O chimatanthauza kuyendetsa mfumu ndi nsanja nthawi imodzi, mfumu n'kubisala chakukona. Nsanja ikakhala pa e1, msilikali wa pa e4 wapeza womuteteza, ndipo chiopsezo chija chimasanduka chenicheni. Wazakuda amathamangitsa bishopuyo ndi 6...b5 zinthu zisanaipe.

Bishopu yemweyo akhozanso kukodwa. Pali msampha wakale wotchedwa Chingalawa cha Nowa, pamene asilikali akuda a pa a6, b5 ndi c4 amamutsekera pa b3 mpaka kusowa kothawira.

M'mipikisano

Kudya hatchi pa c6 pakokha si kulakwa ngati wosewera sathamangira msilikali wa pa e5. Emanuel Lasker anagonjetsa José Raúl Capablanca ndi 4.Bxc6 ku St Petersburg mu 1914, ndipo Bobby Fischer anaitchukitsanso ku Havana mu 1966. Mu 1918 ku New York, Frank Marshall anapereka dala msilikali mmodzi kuti athire nkhondo mfumu ya Capablanca. Marshall anagonja, koma njira yakeyo imaseweredwabe ndipo imadziwika ndi dzina lake.

Yankho lina la wazakuda ndi 3...Nf6, lotchedwa Berlin. Vladimir Kramnik analigwiritsa ntchito ku London mu 2000 polimbirana ukatswiri wa dziko lonse ndi Garry Kasparov. Mafumukazi ankadyana koyambirira, ndipo Kasparov, yemwe ankadziwika ndi kuukira, anasowa polowera. Sanapambane masewera ngakhale amodzi pampikisano wonsewo, ndipo Kramnik anatenga ukatswiriwo ndi mapointi 8½ kwa 6½.