Bokosi la zidole ndi galimoto yawaya yomwe inakana kulowamo

Nkhani yonseyi inayamba ndi chidendene changa. Usiku wina magetsi atathima ndinadzuka kuti ndikamwe madzi, ndiye mumdimamo ndinaponda kagalimoto ka pulasitiki komwe mwana wa achemwali anga anakasiya pakhomo la chipinda. Kagalimotoko kanaphwanyika, ine ndinatsimphina masiku awiri, ndipo mwiniwake, mnyamata wa zaka 5, analira ngati kwagwa zovuta. Ndimakhala ndi achemwaliwo ku Chiwembe, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Zidole zikamwazikana, poponda palibe.

Loweruka m'mawa ndinapita kwa a kalipentala ena omwe ali ndi kashedi kufupi ndi msika wa Limbe. Amakhoma mabedi, zitseko ndi mashelefu. Nditanena kuti ndikufuna bokosi, bambowo anaika hamala pansi n'kuvula chipewa.

"Pepani achimwene. Zachitika liti?"

"Ayi madala, kulibe maliro. Ndi bokosi losungiramo zidole za mwana."

Anandiyang'ana kwakanthawi, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Zidole zayamba kufuna bokosi masiku ano?"

Tinagwirizana kuti ine ndigule matabwa, iwo andiphunzitse, ndipo ntchito tigwirire limodzi. Za mlombwa ndinangofunsa mtengo n'kukhala chete. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe agogo athu ankakhomera mabokosi a zovala chifukwa cha fungo lake, n'ngoletsedwa kudula, ndipo paphiripo unatsala pang'ono kutheratu. Tinatenga paini. Ndi wofewa, sulemera, komanso ukalakwitsa sudandaula kwambiri. Ine ndinalakwitsadi: thabwa loyamba ndinalidula lalifupi ndi masentimita atatu chifukwa ndinkayankha uthenga pa WhatsApp tepi ili m'manja. Madala aja sanakalipe. Anangotenga foni yanga n'kuiika pamwamba pa shelefu.

Bokosi lake si lodabwitsa: masentimita 80 m'litali, 45 m'lifupi, 45 kutalika. Timapala thabwa, kupaka guluu m'mphepete, kulumikiza, kenako misomali. Chomwe chinatidyera nthawi ndi chivundikiro. Ine ndinkafuna chathabwa lochindikala, chokhala ndi loko, kuti chizioneka chaulemu. Iwo anakana kwamtuwagalu. Akuti chivundikiro cholemera chikagwa mwana ataweramira mkati, chimafikira pa zala kapena pakhosi. Tinaika chopepuka, n'kusiya kampata kutsogolo koti zala zisapanidwe, ndi kuboola mabowo anayi kumbuyo. Ndinafunsa kuti mabowowo ndi a chiyani. "Mwaiwala chibisalirano? Tsiku lina adzalowamo ameneyo. Azipuma bwanji?" Loko sitinaike. Makona onse ndinawakwecha ndi sandipepa mpaka manja kuyera. Penti yamafuta ndinaipewa, chifukwa ina imakhala ndi ledi, yemwe amaononga ubongo wa ana, ndipo mwana wa msinkhu uwu chilichonse amaluma.

Koma funso la madala aja silinandichoke m'mutu. Zoonadi, ife tinkasunga kuti zidole?

Sitinkasunga. Ng'ombe zadongo tinkaumba kudambo, zikasweka mawa timaumba zina. Mpira wachikulunga unali majumbo ndi chingwe, ukamasuka mumaima kaye, wina n'kuulukanso, masewero n'kupitirira. Nguli imasemedwa ndi mpeni. Atsikana ankabereka chitsononkho chovekedwa kansanza, ankasewera phada ndi timiyala tomwe akamaliza amangotisiya pomwepo, ndipo kumasanje miphika inali zitini zotola. Ngakhale bawo, pomwe panalibe thabwa, anthu ankakumba maenje pansi basi.

Mfumu ya zonse inali galimoto yawaya. Amene munakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa mukuikumbukira. Waya wolimba amapanga thunthu, waya wofewa kapena mphira wodula kuchubu chakale amamangira molumikizira. Mateyala amatha kukhala zitsekerero za mabotolo, zitini zodula kapena mapatapata akutha. Luso lenileni linali pa chiwongolero: waya wautali kapena bango wochoka m'manja mwa woyendetsa kukafika ku mateyala akutsogolo, omwe amayenera kukhota onse pamodzi ukapotoza. Mwana wa Sitandade 4 amadziwa kuti ekiselo ikathina teyala silizungulira, ikalekerera galimoto imayenda chokhotakhota. Palibe amene anamuuza kuti zimenezi ndi sayansi. Panali anyamata ena omwe amapanga basi yokhala ndi kaliyala pamwamba, ena lole ya ngolo ziwiri ngati zomwe zimadutsa pamsewu wa Zomba, ndipo m'dera lonse amadziwika ngati mainjiniya.

Galimoto zimenezi zinatchuka mpaka kunja. Mu 1990 mayi wina wa ku America yemwe anakhalako m'Malawi, Karen Lynn Williams, anatulutsa buku la ana lotchedwa Galimoto. Limanena za mnyamata wa zaka 7, Kondi, yemwe amazungulira m'mudzi tsiku lonse kusakasaka waya. Chinandiseketsa n'choti Kondi ali nalo bokosi, katoni yakale ya nsapato, koma zomwe amasungamo ndi zidole zopanga pamanja ndi tizidutswa ta waya tomwe watola. Choncho madala aja ankanena zoona pang'ono chabe. Bokosi linalipo, kungoti munkakhala zidole zopanga pamanja ndi zopangira zake.

Ndipo si Amalawi okha. Ku Mohenjo-daro, mzinda wakale womwe mabwinja ake ali ku Pakistan, ofukula zakale anapeza tingolo tadongo ta ana ta zaka zoposa 4,000. N'zosasiyana kwenikweni ndi ng'ombe zathu za kudambo. Ngakhale LEGO, yomwe ana a m'mabanja opata amaidziwa, inayambira mushedi ya kalipentala. Ole Kirk Christiansen wa ku Billund m'dziko la Denmark anayamba kupanga zidole zamatabwa mu 1932, ntchito yomanga itasowa chifukwa cha mavuto azachuma. Dzina loti LEGO linabwera mu 1934, ndipo tinjerwa tapulasitiki tolumikizana momwe tilili lero tinalembetsedwa mu 1958. Nditawafotokozera a kalipentala anga, anangoti, "Ndiye kuti ineyo ndachedwa eti?"

Lero mukayenda m'mashopu a mu Limbe kapena pa kaunjika, zidole ndi mbwee: mfuti zowala, ndege zamabatire, ana apulasitiki a tsitsi lachikasu ndi maso obiriwira. Pafupifupi zonse n'zochokera kunja, ndiye kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera nayo. Kulimba kwake ayi. Achemwali anagula helikopita ya Khirisimasi, pofika Nyuwere inali ilibe mapiko. Ndipo ikathyoka yathyoka, palibe pogwira. Mwana sangaitsegule n'kuona chomwe chavuta, amangodikira kuti mayi akalandira agulenso ina.

Sindikufuna kunama kuti kale zonse zinali bwino. Tinkapanga zidole chifukwa makolo analibe ndalama zogulira, ndipo mwana wa bwana akatulutsa kagalimoto ka m'sitolo tonse timasiya zathu n'kumuzungulira. Waya amacheka zala. Wina tinkachita kusolola pampanda wa eni ake, ndipo zikwapu zake ena tikuzikumbukirabe. Komanso atsikana ambiri sankaloledwa n'komwe kugwira waya, amauzidwa kuti zimenezo n'za anyamata, iwo abereke chitsononkho. Zimenezo sindikuzisowa.

Chomwe chimandivuta ndi china, ndipo wolakwa woyamba ndine ndemwe. Ndikakhala ndi nkhani yoti nditumize, mwana akamasokosa, ndimamupatsa foni kuti aonere makatuni pa YouTube. Amakhala duu ola lathunthu, bandulo n'kutha, ine n'kumasangalala kuti ndapeza mtendere. Mwana yemweyo amadziwa kudumpha malonda pa vidiyo, koma anali asanapindepo waya chibadwire.

Bokosi linatha Loweruka lachitatu. Ndinalikweza pa kabaza, ine n'kumatsatira pambuyo ngati ndagula firiji. Potsanzikana, madala aja anatola zidutswa za matabwa zomwe zinatsala, kuphatikizapo lija ndinadula lalifupi, n'kuziponya mkatimo. "Kampatseni mwanayo. Ingokwechani kaye m'mbalimu."

Kunyumba mwana analongedza zidole zake zonse, zamoyo ndi zakufa zomwe, ndipo sizinafike ndi theka lomwe. Pasanathe ola anali atalowamo yekha n'kudzitsekera, akutiitana kudzera m'mabowo aja. Tsiku lotsatira anatulutsa zidutswa za matabwa n'kumanga chomwe anati ndi depoti ya minibasi. Kenako anabwera kwa ine.

"Amalume, depoti ilibe minibasi."

Ndinapeza mahang'ala awiri akale ndi pulayala yobwereka. Thunthu ndinapanga, mateyala ndinaika, koma pa chiwongolero ndinagwira njakata. Ndikapotoza kumanja, teyala limodzi limapita kwake. Digiri yanga sinathandize kanthu. Anatipulumutsa ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nafe, wa zaka 11, yemwe anabwera kuchokera kwa agogo ake ku Thyolo chaka chatha. Anaiyang'ana, n'kunena kuti ndaiwala kawaya kolumikiza mateyala awiriwo kuti aziyendera limodzi. Anakonza mphindi zosakwana khumi, wathuyo atanjuta pambali, akumupatsira mphira.

Minibasiyo ikuyenda, ndipo yapita kale kugalaja kawiri. M'bokosi simulowa, chiwongolero chake n'chachitali kuposa masentimita 80. Imagona kuseri kwa chitseko, ndiye usiku ndikamadzuka ndimayamba ndayatsa tochi ya pafoni.